Mafunso ndi mayankho: njira imene mawu amadutsa kuchokera m'khutu kukafika mu ubongo

Mafunso ali pansipa amachokera kwa amayi a kusikelo, ophunzira a kusekondale ndi anthu osamalira okalamba kuno ku Kasungu. Mayina a zigawo za ubongo alembedwa monga amalembedwera m'mabuku a zachipatala, kuti mukawapeza m'buku la wodwala wanu muwazindikire.

Kodi munthu amamva ndi khutu kapena ndi ubongo?

Khutu limayamba ntchito, womaliza ndi ubongo. Mawu akalowa amagwedeza mwinikhutu, mwinikhutu n'kugwedeza timafupa titatu, timafupato n'kukankha madzi a m'kachiwalo kopindika kotchedwa cochlea. Kachiwaloka katati katambasulidwe kangatalike mamilimita pafupifupi 35. M'kati mwake muli maselo okhala ndi tiubweya pamwamba: pafupifupi 3,500 mu mzere wamkati ndi pafupifupi 12,000 m'mizere itatu yakunja. Amkatiwo ndiwo amasandutsa kugwedera kuja kukhala uthenga wa magetsi. Akunja amakuza mawu apansipansi kuti amveke.

Ntchito ya khutu imathera pamenepa. Kudziwa kuti woitanayo ndi mayi anu, kuti ali kuseri kwa nkhokwe, ndiponso kuti akwiya, kumachitika m'mitsempha yochokera m'khutu kupita mu ubongo. Choncho munthu angathe kukhala ndi khutu labwinobwino koma n'kumavutikabe kumva.

Uthenga ukatuluka m'khutu umadutsa kuti?

Umatuluka pa mtsempha wa kumva, womwe ndi wa nambala 8 pa mapeya 12 a mitsempha yochokera mu ubongo. Mbali iliyonse uli ndi timitsempha pafupifupi 30,000, ndipo toposa 90 pa 100 timanyamula uthenga wa maselo a mzere wamkati aja. Mtsemphawu umayendera limodzi ndi umene umathandiza munthu kuima osadzandira, n'chifukwa chake matenda ena amabweretsa kusamva ndi chizungulire nthawi imodzi.

Poyamba umafika mu tsinde la ubongo, cha kunkhongo, pa gulu la maselo lotchedwa cochlear nucleus. Apa kamtsempha kalikonse kamachita nthambi n'kupereka uthenga womwewo kwa maselo a mitundu yosiyana. Ena amasamala nthawi yeniyeni imene mawu afikira, ena mphamvu yake, ena amangoyankha pamene mawu akuyamba basi. Kuchokera apa uthenga sumayendanso njira imodzi.

Wambiri umapita ku gulu lina la maselo mu tsinde la ubongo lotchedwa superior olive, kumene uthenga wa makutu awiri umakumana koyamba. Kenako umakwera pa mtolo wa mitsempha wotchedwa lateral lemniscus mpaka ku inferior colliculus, pamene pafupifupi njira zonse zija zimasonkhananso. Ukachoka pamenepo umalowa mu thalamus, pa kagawo kotchedwa medial geniculate, kenako n'kufika pa khungu la ubongo, lomwe ndi gawo lake lakunja lamakwinya, pa dera la kumva lotchedwa auditory cortex. Mwa munthu, gawo loyamba la auditory cortex lili pa khwinya lobisika chapamwamba pang'ono pa khutu, lotchedwa dzina la dokotala wa ku Austria Richard Heschl.

Ulendo wonsewu umatenga mamilisekondi osapitirira 20. Milisekondi ndi gawo limodzi pa magawo 1,000 a sekondi.

Ubongo umasiyanitsa bwanji mawu a besi ndi mawu okwera ngati a wenzulo?

Cochlea inayalidwa ngati mangolongondo, pamene thabwa lililonse lili ndi liwu lakelake ndipo matabwawo anandandalikidwa kuyambira lolira besi mpaka lolira mokwera. Poyambira pake pamagwedera ndi mawu okwera, kunsonga kwake ndi mawu a besi. Georg von Békésy ndiye anaonetsa zimenezi, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1961. Ndandandayi simasokonekera panjira: mu cochlear nucleus, mu inferior colliculus, mu thalamus mpaka pa khungu la ubongo, maselo a mawu oyandikana amakhalabe moyandikana. Wachinyamata wa makutu abwino amamva kuyambira ma hertz 20 mpaka 20,000. Hertz ndi kugwedera kamodzi pa sekondi.

Ndinamva kuti khutu lamanja limatumiza uthenga kumanzere kwa ubongo. N'zoona?

N'zoona pang'ono. Mitsempha yambiri imaolokadi, makamaka pa mtolo wotchedwa trapezoid body, koma ina imakwera mbali yomweyo. Pamwambanso pali malo ena oolokera: ma inferior colliculus awiri ndi olumikizana, ndipo auditory cortex ya kumanja imalankhulana ndi ya kumanzere kudzera pa mtolo wa mitsempha wotchedwa corpus callosum. Mbali iliyonse ya ubongo imalandira za makutu onse awiri, ngakhale kuti imalandira zambiri kuchokera ku khutu la mbali inayo.

Izi zimathandiza pofufuza matenda. Sitiroko ikagwira mbali imodzi ya khungu la ubongo, dzanja ndi mwendo wa mbali ina zimatha kufa, koma khutu silitsekeka. Khutu limodzi likasiya kumva, vuto limakhala m'khutu momwemo, pa mtsempha wa nambala 8, kapena pa cochlear nucleus, mitsempha isanayambe kuoloka. Khutu likasiya kumva mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala sabata yomweyo, chifukwa mankhwala ake amathandiza akaperekedwa msanga.

Ndikuyenda mumsewu, ndimadziwa bwanji mbali imene kabaza ikuchokera ndisanacheuke?

Pa njira yonseyi, apa ndi pamene ine ndimagoma kwambiri. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Njinga yamoto ikakhala kumanja kwanu, phokoso lake limafika ku khutu lamanja lisanafike ku lamanzere, koma kusiyana kwake sikupitirira milisekondi 0.7. Poyesedwa m'chipinda cha phee, anthu ena amazindikira kusiyana kwa milisekondi 0.01 yokha. Selo limodzi likamatumiza uthenga kamodzi limatenga pafupifupi milisekondi yathunthu, ndiye taganizani kuti ubongo umayeza nthawi yofupika kwambiri kuposa imene maselo akewo amatenga polankhula.

Ntchitoyi imagwiridwa mu superior olive, ndipo inagawidwa pawiri monga Lord Rayleigh anafotokozera mu 1907, mitsempha yake isanadziwike bwino. Kagawo kamkati, medial superior olive, kamayerekeza nthawi, ndipo kamachita bwino pa mawu a besi. Kagawo kakunja, lateral superior olive, kamayerekeza mphamvu. Mutu umatchinga mawu okwera, choncho amafika ofooka ku khutu lakutali. Maselo a kagawoka amadzutsidwa ndi khutu la mbali yawo n'kumaletsedwa ndi khutu la mbali inayo, ndipo khutu limene lamva mwamphamvu ndilo limapambana. Uthenga woletsawo umayenda ulendo wautali, wooloka, koma suyenera kuchedwa ngakhale pang'ono. Pa chifukwa chimenechi umadutsa pa cholumikizira chachikulu zedi chimene chimakuta selo lolandira, chomwe Hans Held anachifotokoza mu 1893. Chimatchedwa calyx of Held, ndipo ndi chimodzi mwa zolumikizira zikuluzikulu mu ubongo wa nyama zoyamwitsa.

Mu 1948 Lloyd Jeffress anaganiza kuti ubongo umachedwetsa dala uthenga wa khutu limodzi poudutsitsa m'mitsempha yotalika mosiyanasiyana, kuti ukakumane ndi unzake pa selo limodzi. Patapita zaka pafupifupi 40, Catherine Carr ndi Masakazu Konishi anapeza kuti kadzidzi amachitadi chonchi. Mwa nyama zoyamwitsa, zikuoneka kuti uthenga woletsa ndiwo uli ndi gawo lalikulu pa kuyeza nthawiko.

Mawu ochokera kutsogolo kwenikweni ndi ochokera kumbuyo kwenikweni amafika m'makutu onse nthawi imodzi. Pamenepo timadalira makwinya a khutu lakunja ndi kutembenuza mutu. Mwana womva khutu limodzi lokha amamva mawu, koma sadziwa bwino kumene akuchokera. Ngati amaoloka msewu wa M1 popita kusukulu, mumuphunzitse kudalira maso.

N'chifukwa chiyani timadzidzimuka tisanadziwe chomwe chaphulika?

Chifukwa pali njira zachidule zosadikira khungu la ubongo. Ina imachoka pa cochlear nucleus n'kudutsa mu tsinde la ubongo kupita kumsana, thupi n'kunjenjemera. Ina imachoka pa inferior colliculus kupita ku superior colliculus, yomwe imatembenuza maso ndi mutu. Inanso, imene Joseph LeDoux anaifufuza pa makoswe, imachoka mu thalamus kulunjika ku amygdala, kagawo ka mantha. Munthu amene anapulumuka pa ngozi akamanjenjemera pomva tayala likuphulika, sakuchita dala.

Kodi uthenga umangokwera, kapena umabwereranso kukhutu?

Umabwerera, ndipo mabuku ambiri a kusukulu satchula zimenezi. Mitsempha yotsika kuchokera pa khungu la ubongo kupita mu thalamus ndi yochuluka kuposa yokwera. Ina imatsika mpaka ku inferior colliculus ndi ku tsinde la ubongo. Mu 1946 Grant Rasmussen anafotokoza mtolo wochoka ku superior olive kubwerera mu cochlea momwemo. Gawo lina la mtolowu limafika pa maselo akunja aja okuza mawu n'kuwachepetsa mphamvu. Choncho ubongo uli ndi ulamuliro pa zimene khutu likutumiza, ndipo zimenezi zimathandiza kuti mumve mnzanu pakati pa phokoso la pamsika.

Palinso kamnofu kogwira kafupa komaliza pa timafupa titatu tija, kamene kamakungika phokoso likakula. Kamachedwa, moti sikangateteze khutu ku mfuti kapena makombola.

Agogo anga amamva tikakhala awiri, koma pagulu amangoti "mwati chiyani?" Kodi amangosankha zoti amve?

Ayi, ndipo mawu oti agogo amamva zomwe akufuna amawapweteka okalamba ambiri. Munthu akamakula, maselo a poyambira pa cochlea ndiwo amayamba kutha, ndiye mawu okwera amasowa. Zilembo monga s, f ndi ts zili m'gulu limenelo. Agogo amamva kuti wina akulankhula, koma mawuwo amafika oduka.

Pali chinanso chimene chinadziwika posachedwa. Mu 2009 Sharon Kujawa ndi Charles Liberman anaonetsa pa mbewa zoyesera kuti phokoso lingathe kudula zolumikizira za pakati pa maselo amkati ndi mtsempha wa kumva, maselowo ali moyo. Timitsempha toyamba kuduka ndi timene timagwira ntchito mawu akakhala amphamvu. Pamalo a phee totsalato timakwanira, koma pamaliro kapena pa msonkhano wa kalabu ya fodya, superior olive ndi zigawo zapamwamba zimalandira uthenga woperewera, ndipo zimalephera kupatula liwu limodzi pa anzake.

Kukuwa sikuthandiza kwenikweni. Khalani moyang'anizana nawo powala, zimitsani wailesi, lankhulani modekha, ndipo akapanda kumva nenaninso ndi mawu ena.

Bambo atadwala sitiroko amamva chitseko chikagogodwa, koma samvetsa zolankhula zathu. Zikutheka bwanji?

Njira ya kumva simathera pa khwinya la Heschl. Kumbuyo kwake, kumanzere mwa anthu ambiri, kuli dera lothandiza kumvetsa chilankhulo, limene Carl Wernicke analifotokoza mu 1874. Likawonongeka, mawu amafika koma tanthauzo limasowa, ndipo wodwalayo amatha kulankhula mosadodoma zinthu zosalumikizana. Dera lothandiza kutulutsa mawu, la Paul Broca wa mu 1861, lili chakutsogolo. Madera awiriwa amalumikizidwa ndi mtolo wokhota wotchedwa arcuate fasciculus, ndipo vuto likakhala cha pamenepo munthu amamvetsa koma amalephera kubwereza zimene mwanena.

Bambo anuwo sanapenge, ndipo makina othandiza kumva sangakonze vuto limeneli. Ambiri amapezako bwino m'miyezi yoyambirira akamalankhulidwa tsiku ndi tsiku ndi ziganizo zifupizifupi, zothandizidwa ndi manja ndi zinthu zooneka.

M'makutu mwanga mumalira nthawi zonse. Phokosoli likuchokera kuti?

Mwa anthu ambiri vuto limayambira m'khutu koma phokosolo limapangidwa mu ubongo. Cochlea ikachepetsa uthenga, maselo a cochlear nucleus ndi a pamwamba pake amawonjezera mphamvu zawo, mpaka amayamba kutumiza uthenga popanda mawu alionse. N'chifukwa chake anthu ena amene anadulidwa mtsempha wa kumva pa opaleshoni amamvabe kulirako.

Akuluakulu amene anamwapo kwinini akukumbukira mmene makutu amalirira. Kumeneko nthawi zambiri kumatha mankhwala akatha. Kulira kwa munthu wogwira ntchito pachigayo, pochekera matabwa kapena powotcherera zitsulo ndi chenjezo loti maselo akuwonongeka. Mphamvu ya phokoso imayezedwa ndi madesibelo, ndipo malire odziwika a pantchito ndi madesibelo 85 kwa maola 8. Ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene ali pafupi nanu amve, mwafika pa malirewo kapena mwawapitirira. Eni zigayo awagulire anyamata awo zotsekera m'makutu. Si zodula, pamene maselo akafa sabwerera, monga tifotokozere pa funso la kuchira m'munsimu. Kulira kwa khutu limodzi lokha, kapena kogunda motsatira mtima, kukaonedwe ndi dokotala.

Ndi matenda ati a ana amene amawononga njirayi?

Chikasu cha mwana wobadwa kumene chikakula kwambiri, chinthu chachikasu cha m'magazi chotchedwa bilirubin chimalowa mu ubongo, ndipo cochlear nucleus ndi zigawo zina za tsinde la ubongo zili m'gulu loyamba kuwonongeka. Mwana wotere angathe kukhala ndi cochlea yogwira ntchito, koma uthenga n'kumakwera mosokonekera nthawi. Tsiku lina amaoneka kuti akumva, tsiku lina ayi, ndipo akakula amatchedwa wamwano popanda chifukwa. Vutoli limatchedwa auditory neuropathy. Mwana akachita chikasu tsiku loyamba, kapena chikafika m'manja ndi kumapazi, musadikire kumuwotcha padzuwa la m'mawa, pitani kuchipatala.

Matenda oumitsa khosi amawononga cochlea ndi mtsempha, ndipo mwana aliyense amene wachira ayenera kuyezedwa makutu. Chimodzimodzi amene wachira malungo a mu ubongo. Mankhwala ena a jakisoni, monga gentamicin, kanamycin ndi amikacin, amatha kupha maselo a mu cochlea, komatu amapulumutsa moyo, ndiye musawakane kapena kuwasiya panokha. Uzani adokotala msanga mukaona kusintha kwa kamvedwe. Mafinya otuluka m'khutu kwa nthawi yaitali amatsekereza mawu asanafike mu cochlea, ndipo ubongo wa mwana umakula ukulandira mawu operewera.

Kodi mitsemphayi ikawonongeka imachira?

Maselo a tiubweya a nyama zoyamwitsa akafa sameranso. Mu 1988 ofufuza anaonetsa kuti a mbalame, kuphatikizapo nkhuku, amamera, ndipo kuyambira pamenepo akhala akufufuza chimene chimaletsa athu.

Ubongo wokha ndiwo umasintha, makamaka wa mwana. Njira ya kumva imayamba kugwira ntchito mwana ali m'mimba, cha m'mwezi wa 6, ndipo imakhwima chifukwa chogwiritsidwa ntchito. Kafukufuku wa Anu Sharma pa ana oikidwa cochlear implant, kachipangizo kodzutsa mtsempha wa kumva ndi magetsi, anaonetsa kuti oikidwa asanapitirire zaka zitatu ndi theka ubongo wawo umayankha mofanana ndi wa ana akumva, pamene oikidwa atapitirira zaka 7 nthawi zambiri safika pamenepo. Auditory cortex ikasowa mawu imatenga ntchito ina. Mu 2010 Stephen Lomber ndi anzake anapeza kuti amphaka obadwa osamva amaona bwino zinthu za m'mbali, ndipo amagwiritsa ntchito gawo lomwelo la kumva.

Makolo ambiri amati tidikire, ayamba kulankhula, amalume ake nawonso anachedwa. Ndimawapempha kuti asadikire, chifukwa zaka zimene akudikirazo ndi zomwe ubongo umaphunzira chilankhulo mosavuta. Chilankhulocho chingathe kukhala chamanja. Madera a Wernicke ndi Broca amagwiranso ntchito pa chinenero chamanja, ndipo mwana wochiphunzira msanga amakula ndi chilankhulo chathunthu.

Kodi nyama zina, monga njovu za m'paki muno, zili ndi njira yomweyi?

Malo oimapo ndi omwewo mwa nyama zonse zoyamwitsa, ndipo zambiri zimene tikudziwa zinachokera kwa amphaka, makoswe ndi mbewa. Chimasiyana ndi kukula kwa zigawo ndi mawu amene nyama imamva. Galu amafika ma hertz pafupifupi 45,000, mphaka pafupifupi 64,000. Njovu zimapambana pa besi. Mu 1984 Katy Payne anazindikira kuti zimaitanizana ndi mawu otsika kuposa ma hertz 20, amene amayenda makilomita angapo. Njovu 263 zimene zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kubwera ku Kasungu National Park mu 2022 zimatha kuitanizana usiku m'mawu amene alimi a m'malire a paki sangawamve.

Mileme ing'onoing'ono yodya tizilombo imalira mokwera kwambiri n'kumamvetsera mawuwo akamabwerera. Inferior colliculus yake ndi yaikulu poyerekeza ndi ubongo wonse. Nobuo Suga anapeza pa khungu la ubongo wa mtundu wina wa mleme maselo amene amayankha pokhapokha kulira ndi kubwerera kwake zikatalikirana ndi nthawi inayake, ndipo nthawi imeneyo ndiyo imauza mleme mtunda wa kachilombo.

Mwana wosalankhula amamuyeza bwanji, ndipo tingapite kuti?

Pali njira ziwiri zosafuna kuti mwana ayankhe. Yoyamba imatchedwa OAE. Mu 1978 David Kemp anapeza kuti cochlea yathanzi imatulutsa timawu take chifukwa cha maselo akunja aja, ndipo kamakina koikidwa m'khutu kamatimva. Yachiwiri ndi ABR, imene Don Jewett ndi John Williston anaifotokoza mu 1971. Mwana ali mtulo amamumata timawaya pamutu n'kumuliza timawu m'khutu, ndipo kompyuta imajambula mafunde 5 otuluka m'mamilisekondi 10 oyambirira, kuyambira pa mtsempha wa kumva mpaka chakufupi ndi inferior colliculus. Mwana wa auditory neuropathy amatha kukhoza OAE n'kulephera ABR, choncho amene anadwala chikasu chachikulu amafunika zonse ziwiri.

Zizindikiro zoti mupite ndi izi: khanda losadzidzimuka ndi phokoso lalikulu, mwana wa miyezi 6 wosatembenukira kumene kukuchokera mawu, ndi mwana wa chaka amene sakubwebweta kapena wasiya kubwebweta. Yambirani kwa alangizi a zaumoyo kapena ku chipatala chachikulu cha boma la Kasungu kuti akulembereni kalata. Ku Lilongwe kuli chipatala cha Kamuzu Central ndi ABC Hearing Clinic ya ku African Bible College, ndipo ku Blantyre kuli kiliniki ya makutu pa chipatala cha Queen Elizabeth. Za chinenero chamanja mungafunse ku bungwe la anthu osamva la MANAD, ndipo sukulu za ana osamva zilipo, monga ya ku Mua m'boma la Dedza ndi ya ku Embangweni m'boma la Mzimba. Popita tengani buku la kuchipatala la mwana, ndipo muwauze adokotala ngati anabadwa masiku asanakwane, anachita chikasu, anagonekedwapo ndi matenda oumitsa khosi kapena malungo aakulu, kapena ngati m'banja mwanu muli wina wosamva.